Msewu ndi wa Yani? Mbiri ya Chikho cha Vanderbilt m'Zithunzithunzi Zakale

Kabuku ka chikumbutso sikakwanira popanda zithunzithunzi za makedzana. Ambiri a ife tikazilandira tithamangira kuyang'ana munthu wotchuka amene ali pakati, osasamala iwo oimirira m'mbali, kapena nyumba ndi mitengo yooneka kumbuyo. Koma akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono m'ndime zino ndifuna kukusimbirani mbiri ya dziko lina lakutali, kumene zithunzithunzi zinajambulidwa chifukwa cha magalimoto othamanga, ndipo lero zasanduka mboni ya midzi, minda ndi anthu amene wojambulayo sanawaganizire konse. Ndiyo mbiri ya mpikisano wa Chikho cha Vanderbilt, umene unachitika pa chilumba cha Long Island, ku America, kuyambira 1904 kufikira 1910, ndi ya mlandu wa msewu umene unabuka pakati pa eni magalimoto ndi alimi.

CHILUMBA NDI ENI AKE

Long Island ndicho chilumba chachitali chogona kum'mawa kwa mzinda wa New York, ndipo utali wake ndi mailosi 118. Ku mutu wake wa kumadzulo kuli Brooklyn ndi Queens, ndiwo madera a mzindawo. Koma munthu akapitirira Queens kulinga kotulukira dzuwa alowa m'boma la Nassau. Masiku amenewo Nassau linali dziko la alimi. Pakati pake panali chidikha chachikulu cha udzu, chopanda mitengo, dzina lake Hempstead Plains, ndipo pozungulira pake panali midzi ing'onoing'ono: Mineola, Westbury, Jericho, Hicksville ndi Hempstead. Anthu ake analima mbatata ya kachewere, kabichi ndi ndiwo zina zamasamba. Akakolola analonga m'ngolo, namangirira akavalo, nayenda usiku kuti kukacha akapezeke pa misika ya mu mzinda. Msewu unali kwa iwo monga iliri nyanja kwa msodzi. Unali wa dothi ndi miyala yophwanya, ndipo unakonzedwa ndi msonkho wawo.

Koma anthu achuma a mu New York anali atayamba kumanga nyumba zawo zazikulu chakumpoto kwa chilumbacho. Mmodzi wa iwo anali William K. Vanderbilt Jr., wobadwa m'chaka cha 1878, mwana wa mdzukulu wa Cornelius Vanderbilt uja analemera ndi sitima za pamadzi ndi njanji. Mnyamatayu anakonda liwiro koposa zonse. Anapita ku Ulaya kukathamanga ndi akatswiri a kumeneko, ndipo analipo pa mpikisano wochokera ku Paris kulinga ku Madrid mu Meyi 1903, umene boma la France linauletsa utafika pa Bordeaux, popeza anthu anafa panjira, okwera ndi oonerera omwe. Mu Januwale 1904, pa mchenga wa gombe la Ormond ku Florida, anayendetsa galimoto ya Mercedes mailosi 92 pa ora. Chimene chinamuwawa mtima ndi ichi, kuti magalimoto opambana anali opangidwa ku France ndi ku Germany, a kwawo natsalira m'mbuyo. Chotero anasulitsa chikho chachikulu cha siliva kwa amisiri a Tiffany, naitana mitundu kuti idzachilimbirane pa misewu ya ku America, kuti opanga magalimoto a kwawo achite manyazi ndi kukangalika.

MLANDU WA MSEWU

Akuluakulu a boma la Nassau anavomera kuti misewu itsekedwe Loweruka, pa 8 Okutobala 1904. Alimi pakumva ichi anakwiya kwambiri, pakuti tsikulo linali la malonda, ndipo sanaone chifukwa choti msewu wa anthu onse uperekedwe kwa ana a olemera kuti aseweretsepo makina awo. Anaopanso za ana awo ndi ziweto zawo. Anapangana bungwe, natengera mlandu ku bwalo. Koma woweruza anakana kuletsa mpikisanowo. Pamenepo zikalata zinakhomedwa m'mbali mwa njira zochenjeza anthu kuti tsikulo amange agalu ndi kutsekera nkhuku m'khola. Okonza mpikisano anathira mafuta pa msewu kuti fumbi ligone. Koma anapezanso pa msewu womwewo misomali ndi magalasi osweka, chizindikiro chakuti chiweruzo sichinazimitse mkwiyo.

Njira yothamangamo inali ya ngodya zitatu, mailosi 30 kuzungulira kwake, ndipo anayenera kuizungulira kakhumi. Magalimoto 17 a mitundu inayi, America, France, Germany ndi Italy, ananyamuka mbandakucha, imodzi imodzi, motalikirana mphindi ziwiri. Pofika m'midzi ya Hicksville ndi Hempstead anawaimitsa, nawatsogolera anthu okwera njinga zopalasa kufikira atatuluka pakati pa nyumba. Ndipo nthawi imeneyo sinawerengedwe. Anapambana George Heath, mbadwa ya ku America yokhala ku Paris, pa galimoto ya Panhard ya ku France, atayenda mailosi 284 pa liwiro la mailosi 52 pa ora. Wachiwiri anali Albert Clément, mnyamata wa ku France, amene anatsalira mphindi imodzi ndi theka yokha. Awiriwa atangofika, khamu linasefukira mumsewu, kotero kuti mpikisano unathera pomwepo otsalawo asanatsirize.

Tsiku lomwelo munthu woyamba anafa. Tayala la Mercedes ya George Arents linaphulika, galimoto nigubuduzika, ndipo Carl Mensel, amene anakwera pambali pa woyendetsayo, anafa ndi mabala ake.

AWIRI OKWERA PA MPANDO

Munthu akayang'ana zithunzithunzi za magalimoto amenewa aona kuti pa iliyonse pali anthu awiri. Nyuzi zinatchula woyendetsa, ndipo chikho chinatsata dzina lake. Koma wachiwiriyo, ndiye makaniko, anagwira ntchito yowawa koposa. Iye anapopa mpweya m'thanki kuti mafuta afike ku injini, nathirira mafuta ofewetsa zitsulo, nacheukacheuka kuti auze mnzake ngati wina afuna kupitirira, napendekera kunja pokhota kuti galimoto isagudubuke. Tayala likaphulika onse awiri anatsika, nadula mphira wakale ndi mipeni, nalowetsa watsopano ndi zitsulo, napopa ndi manja, dzuwa likupita.

Magalimotowo analibe denga, analibe zitseko, analibe galasi lakutsogolo kapena lamba womangira munthu pa mpando. Okwera anavala zisoti za nsalu kapena za chikopa, ndi mandala otchinga fumbi. Ndipo pofika nkhope zawo zinali bii ndi mafuta a pamsewu, maso okha kuyera. Injini inali yaikulu kwabasi, ndipo pa magalimoto ambiri mphamvu yake inafika ku magudumu akumbuyo ndi maunyolo awiri, monga ichitira njinga. Magudumu akutsogolo analibe mabuleki. Choncho galimoto yotere inadziwa kuthamanga koposa kuima, ndipo woimirira m'njira yake analibe chomupulumutsa.

CHAKA CHA MPANDA WODULIDWA

M'chaka cha 1905 anapambana Victor Hémery pa Darracq ya ku France. Vincenzo Lancia wa ku Italy ndiye anali patsogolo kutali, koma anawombana ndi galimoto ya Walter Christie, nataya chikho chili pafupi kulowa m'manja. Munthu yemweyo anayambitsa kampani yake ya magalimoto chaka chotsatira. Mbiri ya mpikisano inamveka ponseponse, ndipo mu 1906 nyuzi zinati oonerera anaposa 200,000. Sitima za pamtunda zinatuta anthu usiku wonse kuchokera mu mzinda. M'zithunzithunzi za chaka chimenecho tiona amuna a zipewa ali m'mitengo, pa madenga, pa mizati ya matelegalafu, ndi akazi a madiresi aatali ataimirira pa mipando ya magalimoto awo. Tionanso kuti alimi ena anapeza phindu pa chinthu chimene anachikana poyamba, pakuti analipiritsa alendo malo oimikapo magalimoto m'minda mwawo, nawagulitsa khofi, buledi ndi pogona.

Pa malo oopsa anamanga mpanda wa waya, koma anthu anaudula, nalowa mumsewu. Anaima pakati penipeni kusuzumira kumene galimoto idzatulukira, napatuka itangotsala pang'ono, nabwereranso itapita, osakumbuka kuti ina ili m'mbuyo mwa fumbilo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pafupi ndi mphambano ya Krug's Corner ku Mineola, galimoto ya Hotchkiss yoyendetsedwa ndi Elliott Shepard, msuweni wa Vanderbilt, inagunda munthu wina wa ku New Jersey, nafa. Louis Wagner anatenga chikho pa Darracq, koma chisangalalo chinali chitasweka. Ndipo m'chaka cha 1907 mpikisano sunachitike. Mawu a akulu akoma akagonera: chimene alimi ananena ku bwalo mu 1904 chinaoneka ndi maso.

MSEWU WA MAGALIMOTO OKHA

Pamenepo Vanderbilt ndi anzake achuma anatsimikiza kumanga msewu wawowawo, umene sudzayendamo kavalo, ngolo kapena munthu wa pansi. Anautcha Long Island Motor Parkway. Anagula mizere ya minda kwa alimi, nayamba kukumba pa 6 Juni 1908 pa malo otchedwa lero Bethpage, ndipo pofika Okutobala chaka chomwecho mailosi 9 anali atatha. Msewuwo unali wa konkire, wopendekeka pokhota kuti galimoto isaterereke, wotchingidwa ndi mpanda mbali zonse ziwiri. Pokomana ndi msewu wa anthu kapena njanji sunadutsane nazo pamtunda umodzi ayi, koma unakwera pamwamba pa mlatho kapena kulowa pansi pake. Milatho yotere inaposa 60 msewu wonse utatha. Wolowamo analipira madola awiri pa chipata, pamene panali kanyumba ka mlonda ndi banja lake. Nzeru imeneyi ya kulekanitsa magalimoto aliwiro ndi anthu oyenda pansi, imene lero ioneka m'misewu ikuluikulu ya m'mayiko ambiri, inayesedwa molawirira pa chidikha cha Hempstead chifukwa cha maliro a 1906.

Pa 24 Okutobala 1908 chikho chinathamangidwanso, ndipo chimene Vanderbilt anachilakalaka chinachitika. George Robertson, mnyamata wa ku New York, pamodzi ndi makaniko wake Glenn Ethridge, anayendetsa Locomobile yopangidwa ku Bridgeport, ya nambala 16. Pozungulira kotsiriza tayala linawonongeka, galimoto nipatuka panjira. Koma awiriwo anasintha tayala mofulumira, nabwerera mumsewu, nafika patsogolo pa Herbert Lytle mphindi ziwiri zisanakwane. Anayenda mailosi 258 pa liwiro la mailosi 64 pa ora. Aka kanali koyamba kuti galimoto ya ku America itenge chikhocho. Mwezi womwewo Henry Ford anayamba kugulitsa galimoto yake ya Model T pa mtengo wa madola 850, ndipo patapita zaka zowerengeka alimi enieniwo anayamba kutengera mbatata zawo ku msika pa magalimoto.

Koma msewu watsopanowo unali gawo limodzi lokha la njira ya mpikisano. Gawo lotsala linali misewu ya anthu monga kale. Harry Grant anapambana mu 1909 ndi mu 1910 pa galimoto ya ALCO, yopangidwa ndi kampani yopanga mitu ya sitima za pamtunda. Mpikisano wa pa 1 Okutobala 1910 unali wamagazi: amakaniko awiri anafa, mmodzi wa iwo wokwera ndi Louis Chevrolet uja dzina lake lili pa magalimoto kufikira lero, ndipo oonerera ambiri anavulala. Apo mpamene zinathera. Chikho chinasamukira ku Savannah mu 1911, ku Milwaukee mu 1912, ndi ku California pambuyo pake, ndipo sichinathamangidwenso pa misewu ya midzi ya Nassau.

Msewu wa Vanderbilt unatsala, nautalikitsa kufikira nyanja yaing'ono ya Ronkonkoma, ngati mailosi 45 kuchokera ku Queens. Koma sunabweze ndalama zimene unadya. Boma litamanga msewu wina wotakata pafupi nawo, wa Northern State Parkway, motsogoleredwa ndi Robert Moses, anthu anasiya msewu wopapatizawo ngakhale mtengo wa pachipata unatsitsidwa. Mu Epulo 1938 unatsekedwa, nuperekedwa kwa maboma a pachilumbapo m'malo mwa msonkho umene eni ake analephera kukhoma. Momwemo msewu umene unamangidwa ndi mpanda wotchinga anthu wamba unagwa m'manja mwa anthu wambawo. Gawo lake la ku Queens linasanduka njira ya njinga zopalasa ndi oyenda pansi, ndipo litero kufikira lero.

KUWERENGA CHITHUNZITHUNZI

Tsono tibwerere ku zithunzithunzi. Ojambula a nyuzi anafika ndi makamera aakulu, ambiri ojambula pa galasi, ndipo zithunzithunzi zina zinasindikizidwa pa makadi otumiza pa positi. Woziyang'ana adabwa poona kuti pa zina magudumu a galimoto sali ozungulira, koma ali ngati dzira, opendekera kutsogolo. Chifukwa chake ndi ichi: m'kati mwa kamera munali nsalu yakuda yokhala ndi mpata wopapatiza, ndipo mpatawo unayenda pa galasi kuchokera mbali ina kufikira mbali ina. Chotero kunsi kwa gudumu kunajambulidwa poyamba, ndipo pamene mpata unafika kumwamba kwake galimoto inali itasuntha kale. Liwiro linadzilemba lokha pa galasi. Chithunzithunzi china cha 1906 chionetsa Fred Wagner, woyambitsa mpikisano, akukupiza mbendera ya mawanga akuda ndi oyera pofika wopambana. Ndicho chakale koposa chodziwika chosonyeza mbendera yotere potsiriza mpikisano, mwambo umene usungidwa m'mayiko onse.

Koma chuma chachikulu cha zithunzithunzizo chili kumbuyo kwa galimoto. Nsanja yaikulu ya matabwa yokhalapo oonerera mu 1908, 1909 ndi 1910 ioneka itaima yokha pa chidikha, udzu mpaka kumene maso alekeza. Pa malo omwewo, pakati pa 1947 ndi 1951, kampani ya Levitt inamanga nyumba zoposa 17,000, makamaka za asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri, ndipo mudziwo utchedwa Levittown. Minda ya mbatata inakwiririka ndi misewu ndi masitolo. Mwana wobadwira kumeneko lero sangadziwe kuti pa khomo pake panali munda, akapanda kuona chithunzithunzi cha galimoto ikudutsa pa barani ya mlimi, kapena pa nyumba ya alendo ya Krug, kapena pa shopu ya wosula nsapato za akavalo. Wojambula anafuna galimoto, koma kamera sisankha. Inasunga zonse zimene zinali patsogolo pake.

Ofufuza mbiri ya midziyo agwira ntchito monga mlenje wolondola mapazi a nyama. Nambala yolembedwa pa galimoto iwauza woyendetsa ndi chaka, popeza manambala anasintha mpikisano uliwonse. Mlatho, mphambano ya njanji, dzina lolembedwa pa khoma la sitolo, kapena denga la nyumba imene ikalipo, ziwauza malo. Mthunzi uwauza kumene kamera inaloza. Akatero atenga mapu akale ndi atsopano, nakaima pamene anaima wojambulayo. Mwa njira imeneyi zotsala za msewuwo zadziwika: zidutswa za konkire m'tchire kuseri kwa nyumba za anthu, mizati ya mpanda, mlatho wa ku Old Bethpage, ndi kanyumba ka pachipata ka ku Garden City, kamene anakasamutsa kuti kasagumulidwe.

Zinthu za anthu otchuka zinasungidwa bwino. Chikho cha siliva chili m'manja mwa Smithsonian ku Washington. Locomobile ya nambala 16 inakhala zaka zambiri kwa Peter Helck, katswiri wojambula ndi utoto, amene sanalole kuipaka utoto watsopano, ndipo tsopano ili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Henry Ford ku Dearborn. Vanderbilt anamwalira mu 1944, ndipo nyumba yake ya ku Centerport inasanduka malo oti anthu azikaona. Koma mlimi uja atsamira pa mpanda wake, mayi wonyamula mwana pa khonde, anyamata ali pa nthambi ya mtengo, ambiri a iwo mayina awo anapita. Nkhope zilipo, ndipo kuyang'ana kwawo kuoneka bwino lomwe, ena okondwa, ena okwinya tsinya. Koma panalibe amene anatembenuza pepala ndi kulemba kuti uyu ndi uje, wa mudzi wakuti. Chikhalirecho iwowa ndiwo anali eni msewu, ndipo mlandu wawo ndiwo unabala msewu watsopano.

MAWU OTSIRIZA

Abale anga, ndi inu aphunzitsi oyendayenda m'midzi, mbiri iyi itiphunzitse ziwiri. Choyamba, chinthu chatsopano chikafika ndi mphamvu ndi chuma, mawu a iwo okhala m'mbali mwa njira ayenera kumveka maliro asanachitike. Pakuti ku Nassau anamveka mochedwa, anthu atafa kale. Chachiwiri, chithunzithunzi chopanda dzina chili ngati manda opanda chizindikiro. M'masutikesi ndi m'mabokosi a m'nyumba zathu muli zithunzithunzi zimene chiswe ndi chinyezi zikuzidya mwakachetechete. Zitulutseni, mupite nazo kwa okalamba akali ndi maso ndi chikumbumtima chabwino cha zakale, muwafunse za munthu aliyense, kuyambira wa pakati kufikira mwana wosuzumira pa ngodya. Funsaninso za nyumba, za mtengo, za njira yooneka kumbuyo, ndi kumene inalowera. Ndipo zimene adzakuuzani muzilembe kuseri kwake ndi pensulo: dzina, malo, ndi chaka.